Ng'anjo ya ku Lisasadzi ndi Mtsuko wa ku Korea

Msuweni wanga amene adapita kukaphunzira zaulimi ku Korea adanditumizira chithunzi pa foni m'mwezi wa June, ife tili pakalikiliki kusankha fodya m'chigafa kwathu ku Lisasadzi. Chidali chithunzi cha kamtsuko kobiriwira, kokhala ndi khosi lalitali ngati la kakowa, kataikidwa m'bokosi lagalasi. Pansi pake adalembapo mawu ochepa: "Asuweni, inu okonda zamakedzana, taonani za anzathu kuno. Nanga zathu zili kuti?" Ndikudziwa kuti ankangonditola, pakuti pachisuweni palibe mlandu. Komabe funsolo lidandikhala pamtima ngati munga wa mtete, ndipo ndakhala ndikulitembenuza kuyambira tsikulo. Zimene ndalemba panozi ndi zimene ndikadamuyankha foni ikadakhala ndi malo okwanira.

Ndiyambe ndi kamtsukoko. Eni ake amakatcha jeongbyeong, ndipo kamasungidwa ku National Museum of Korea mumzinda wa Seoul. Msinkhu wake ndi masentimita 37 ndi theka, ndipo kadapangidwa m'zaka za m'ma 1100. Kali ndi milomo iwiri: wina paphewa, wokhala ndi kachivundikiro, wothiriramo madzi, ndi wina pamwamba penipeni, wowonda ngati bango, wotulutsira madziwo. Ntchito yake idali kusunga madzi oyera operekedwa pamaso pa Buddha m'nyumba zopembedzeramo. Kadaumbidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi chitsulo choyera chofewa chotchedwa tin, msakanizo umene Angerezi amati bronze. Mmisiri adalemba timizere pathupi pake ndi kachitsulo kakuthwa, kenaka nkukhomerera m'timizeremo ulusi wa siliva. Ukayang'anitsitsa umaona mitengo yowerama m'mbali mwa madzi, bango, abakha akusambira ndi asodzi m'mabwato. Kubiriwirako ndi dzimbiri la mkuwa la zaka mazanamazana. Pamene kadali katsopano sikadali kotero.

Nthawi imeneyo dziko la Korea linkalamulidwa ndi mafumu a Goryeo, kuyambira 918 mpaka 1392, likulu lawo lili pamene lero pali mzinda wa Kaesong. Kazembe wina wa ku China, dzina lake Xu Jing, adacheza kumeneko mu 1123 ndipo pobwerera adalemba za ziwiya zimene adaona, mitsuko yotereyi ili m'gulu lomwelo. Koma chiwiya chimene chidandigwira mtima kwambiri nditayamba kufufuza si mtsukowo ai. Ndi mbale yofukizira lubani, ya mwendo umodzi wotambalala pansi, imene ili ku kachisi wa Pyochungsa m'dera la Miryang. Pa mbale imeneyi mmisiri adalembapo chaka chimene adaipanga, ndipo pa kawerengedwe kathu chakacho ndi 1177.

Apa ndi pamene padandiwawa. Chiwiyacho chimatchula chokha chaka chake, osadikira mlendo kuti adzachitchulire. Ife amene tidaphunzira mbiri ya dziko lino m'kalasi tikudziwa kumene zaka zathu zimachokera: Gaspar Bocarro adadutsa mu 1616, Lacerda mu 1798, Gamitto mu 1831, Livingstone mu 1859. Pakati pa mlendo ndi mlendo mnzake pamakhala chete, ngati kuti makolo athu ankayamba kupuma pokhapokha wina akatulutsa cholembera m'thumba. Ndidadzifunsa tsono ngati kwathu kuno kudaliko mkuwa, ndipo ngati udaliko, chifukwa ninji sitidaumbe nawo mtsuko wansembe ngakhale umodzi woti lero tiziloza.

Mkuwa woyamba umene ndidauona ndi maso udali pamkono pa agogo anga aakazi, amayi a mayi anga. Chidali chigwinjiri chofiirira, chonenepa ngati chala chamkombaphala, chosalala chifukwa cha kukhuzika ndi khungu zaka zambiri. Iwo ankati adachilandira kwa amayi awo, amenenso adachilandira kwa amayi awo, ndi kuti chidabwera ndi Abisa. Sankachivula posinja, posamba ngakhale popita ku tchalitchi. Agogo omwewo ndidawaona akuthira nsembe kamodzi kokha, m'chilala cha 1992. Adandidzutsa m'bandakucha kuti ndiwanyamulire chipanda, poti ndidali mwana wosadziwa kanthu, ndipo tidapita patsinde pa msolo kuseri kwa manda. Kumeneko adakhazika phale la mphika wosweka, nathiramo ufa wa mawere wosungunula m'madzi, naomba m'manja mofatsa akutchula maina a anthu amene ine sindidawaonepo. Pobwerera adandiuza kuti, "Iwe, zimenezi usakanene kwa akulu a mpingo." Phalelo tidalisiya pomwepo. Chigwinjiri chidabwerera nafe kumudzi, chili pamkono.

Nthawi imeneyo sindidaonepo chachilendo. Lero ndikuona kuti m'mawa umenewo agogo adandionetsa dongosolo lakale kwambiri: chamtengo wapatali chidali pathupi la wamoyo, pamene mizimu idadyera m'phale.

Mawu akuti mkuwa ndi athuathu, sitidabwereke kwa Mngerezi kapena Mpwitikizi, chonsecho m'dziko la Achewa mulibe migodi ya mkuwa yodziwika. Unkachokera kutali kuzambwe, kumene lero kuli Copperbelt ya Zambia ndi Katanga wa ku Congo. Wofukula zakale wina, Michael Bisson, adakumba pa Kansanshi ndi pa Kipushi m'zaka za m'ma 1970 napeza kuti anthu ankasungunula mkuwa kumeneko zaka zoposa 1,000 zapitazo, Mzungu asadalote nkomwe za migodiyo. Kuchokera uko mkuwa unkayenda pamitu ndi pamapewa a anthu. M'zaka za m'ma 1800 njira imodzi yaikulu ya malonda inkachokera kwa Kazembe ku Luapula, kuoloka Luangwa, kudzera kwa Mwase ku Kasungu, nkukatsikira kwa Jumbe ku Nkhotakota. Livingstone adaiyenda njira imeneyi mu 1863 kuchokera kunyanja ndipo adafika kwa Mwase. Inkanyamula minyanga, mkuwa, nsalu ndi mikanda, komanso, tisabise, inkanyamula akapolo. Choncho mawu a agogo akuti chigwinjiri chidabwera ndi Abisa sadali nthano ya pamoto. Mudzi wathu uli m'dziko lomwelo la Mwase limene njirayo inkadutsa.

Koma kuti tione mkuwa wa nthawi yoyandikana ndi ya Goryeo tiyenera kupita ku Zambezi. Damu la Kariba litamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'chigwa chawo, ndipo ena adakawaika ku Lusitu, kumunsi kwa damulo. Kumeneko madzi adali ovuta. Mu 1960 antchito a boma akukumba maziko a thanki yamadzi pa kaphiri kotchedwa Ingombe Ilede, ndiye kuti ng'ombe yagona, adatulukira mafupa a anthu atavala chuma. J. H. Chaplin adathamangirako kukapulumutsa zimene akadatha, ndipo Brian Fagan adapitiriza kukumba m'zaka ziwiri zotsatira. Pakati pa kaphiriko padali manda ochepa a anthu olemera. Anthuwo adaikidwa ndi mikanda yagolide ndi yagalasi, zigoba za m'nyanja ya mchere zimene timati mphande, mabelu achitsulo a mtundu umene umayenda ndi ufumu, ndi mipiringidzo yamkuwa yopanga ngati mtanda, uliwonse wolemera makilogalamu angapo. Mikono ndi miyendo yawo idali yokulungidwa ndi waya wa bronze, ndipo dzimbiri la wayayo lidasunga tizidutswa ta nsalu zathonje zimene zikadaola kalekale. Chondisangalatsa koposa nchakuti ena adaikidwa pamodzi ndi zipangizo zawo: nyundo, mbaniro, ndi tizitsulo tobowola tokokera waya. Munthu ankasula mkuwa kukhala kandodo, nkulowetsa nsonga yake pa kabowo, nkukoka ndi mphamvu, kenaka pa kabowo kocheperapo, mpaka utasanduka ulusi. Mmisiri wa ku Korea amene ankakonza ulusi wa siliva uja akadazizindikira zipangizo zimenezi msangamsanga.

Nanga anthuwa adaikidwa liti? Apa mpamene pali phunziro lowawa la chuma chopanda malemba. Poyamba ofufuza adaganiza kuti mandawo ndi a zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mu 1969 David Phillipson ndi Fagan adakonza, nati ndi a m'ma 1300 kapena 1400. Mu 2017 Susan McIntosh ndi Fagan yemweyo, atayezanso ndi makina atsopano, adawasunthiranso kutsogolo, pakati pa 1480 ndi 1640, nthawi imene Apwitikizi adali atayamba kale kulowa m'Zambezi. Taonani, manda amodzimodziwo asuntha kawiri m'moyo wa munthu mmodzi. Mbale ya ku Pyochungsa ija idakali pa 1177 pomwe mmisiri adaisiya.

Kuno kwathu malo ofanana nawo ndi Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene mbiri ya pakamwa imati kudali likulu la Amaravi moyandikana ndi Manthimba a Kalonga. Yusuf Juwayeyi, amene adatsogolerapo Dipatimenti yoona zinthu zakale, adakumba pamalopo ndipo adalongosola zonse m'buku lake la mu 2020 lonena za chiyambi cha Achewa. Adapeza minyanga yambiri yodulidwadulidwa popanga makoza, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya India, tizidutswa ta mbale zadothi loyera za ku China, zitsulo, ndi tinthu tamkuwa monga mphete ndi singano. Ndimati ndikaganiza za tizidutswa ta ku China timeneti ndimaseka ndekha: katundu wochokera kufupi ndi kwawo kwa mtsuko wa msuweni wanga adafika m'mbali mwa Nyanja ya Malawi zaka mazana anayi kapena kuposa iye asadakwere ndege. Koma pa Mankhamba, monganso pa Ingombe Ilede, ziwiya zophikira, zotungira ndi zomwera za eni mudzi zidali zadothi. Mkuwa udali wovala, wosokera, wosinthanitsa ndi wopita nawo kumanda.

Ku malo a nsembe nkhani ndi yomweyo. Za kachisi wamkulu wa ku Msinja, kumene kunkakhala Makewana, zidalembedwa ndi Samuel Nthara m'buku la Mbiri ya Achewa ndiponso ndi W. H. J. Rangeley mu 1952. Zimene akuluakulu adakumbukira ndi ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri, dziwe, nsalu zakuda, ziweto zakuda, atsikana otumikira otchedwa matsano, ndi tsitsi la Makewana limene silinkametedwa kuopa kumeta mvula. Mafumu ankatumiza mitulo kumeneko kuchokera kutali. Akadafuna kutumiza mkuwa wokwanira mtsuko sakadalephera. Koma m'zonse zimene ndawerenga ndi kumva za Msinja, za Bunda ndi za Khulubvi wa Mbona ku Nsanje, sindidakumanepo ndi chiwiya chansembe chamkuwa.

Wina anganene kuti luso lidachepa. Munthu wa ku Kasungu sangavomere msanga mawu amenewa, chifukwa dziko lathu lino lidali dziko la ng'anjo. Livingstone pa ulendo wake uja wa 1863 adaona ng'anjo zadothi zotalika ngati munthu m'midzi yambiri ya m'njira. Mu 1982 ndi 1983 Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery adapeza nkhalamba za kwa Chulu zimene zidagwirako ntchitoyi paunyamata, nazipempha kuti ziyatsenso ng'anjo patapita zaka pafupifupi makumi asanu chizimire. David Killick adakhala nazo nthawi yaitali nkhalambazo, ndipo mu 1990 adamaliza ku Yale kafukufuku wake wonena za kusungunula chitsulo ku Kasungu pakati pa 1860 ndi 1940. Zimene adapeza nzopatsa ulemu. Miyala ya chitsulo ya kuno ndi yosauka, ili ndi chitsulo chochepa. Tsono amisiri adapeza njira ya magawo awiri. Poyamba ankaotcha miyalayo m'ng'anjo yaikulu yopanda mvukuto, imene inkadzikokera yokha mpweya kudzera m'mipope yadothi yozungulira kunsi, monga momwe balani ya fodya imakokera utsi. Motowo unkayaka usana ndi usiku. Zotuluka m'menemo ankazisankha nkuziotchanso m'kang'anjo kakang'ono kopemerera ndi mivukuto, ndipo m'menemo ndi m'mene munkatuluka chitsulo chopita ku chipala kukasulidwa makasu ndi nkhwangwa. Ng'anjo yaikuluyo inkadya makala ochuluka zedi, koma mitengo idalipo yambiri, pamene manja opemerera masiku angapo adali osowa. Ntchitoyi inkachitikira kutchire, kutali ndi mudzi, amisiri atadzipatula kwa akazi awo, mankhwala atakwiriridwa pansi pa ng'anjo. Munthu amene adatha kutulutsa khasu m'miyala imene mmisiri wa kwina akadaitaya sitingamutche wosadziwa moto.

Komabe ndisakokere mbali imodzi. Luso la kuno lidali la nyundo. Chitsulo m'ng'anjo zathu sichinkasungunuka kukhala madzi. Chinkatuluka ngati chibuma chofewa chimene ankachisula. Mkuwa ndi wosiyana, umasungunuka pa madigiri 1,085, moto umene ng'anjo zathu zinkaufika. Mitanda ya ku Ingombe Ilede idapangidwa pothira mkuwa wamadzi m'chikombole chotseguka pamwamba, monga tiumbira njerwa. Koma mtsuko uli ndi mimba, ndipo kuti uumbe chinthu cha mimba pafunika chikombole chamkati ndi chakunja, mkuwa nkuyenda pakati pa ziwirizo mopanda kusiya bowo. Luso limenelo kuno silidazike mizu. Sikuti Mwafrika sadalidziwe. Ku Igbo-Ukwu m'dziko la Nigeria, bambo wina akukumba chitsime kuseri kwa nyumba yake kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 adatulukira ziwiya za bronze, ndipo Thurstan Shaw atakumba bwino kuyambira 1959 zidadziwika kuti ndi za m'ma 800 kapena 900, zakale kuposa mtsuko wa ku Seoul. Amisiri a kumeneko ankaumba chinthu ndi phula kapena utomoni, nkuchimata dothi, nkusungunula phulalo kuti mkuwa ulowe m'malo mwake. Ndipo ankaumba chiyani? Zikho, zipanda ndi mtsuko womangidwa zingwe. Adatenga ziwiya zomwe agogo anga ankagwiritsa ntchito nkuzisandutsa mkuwa.

Tsono chifukwa chiyani iwo adatero, Akorea adatero, koma ife ai? Ndipereke maganizo anga, owerenga adzaweruze okha. Chiwiya chamkuwa chimafuna nyumba yokhazikika. Akachisi a Buddha m'nthawi ya Goryeo adali ndi minda yaikulu, akapolo, nkhokwe ndi amonke odziwa kulemba. Mafumu ndi anthu olemera ankapereka ziwiya kuti apeze madalitso, iwo ndi makolo awo, ndipo nchifukwa chake ankafuna kuti dzina ndi chaka zilembedwe. Woperekayo ankadziwa kuti pakapita zaka zana denga lidzakhala lilipo ndipo wina adzakhala akupukuta mbaleyo. Kachisi wathu adali kanyumba ka mitengo ndi udzu. Mudzi unkasamuka nthaka ikaguga, imfa zikachuluka, kapena nkhondo ikayandikira. Ndiponso kuola kwa kachisi sikudali ngozi, kudali mbali ya chipembedzo chenichenicho. Matthew Schoffeleers, amene adafufuza za Mbona zaka zambiri, adaonetsa kuti mwambo waukulu ku Khulubvi ndi kumanganso kachisi akagwa, pamene mafumu ndi anthu amayenera kuyamba agwirizana, aliyense nkubweretsa gawo lake. Kachisi wosagwa sakadaitana anthu. Ndikuganiza kuti mtsuko wosasweka ukadakhalanso chimodzimodzi: ukadakhala chuma cha munthu mmodzi wousunga, choyambitsa mikangano ndi chokopa achifwamba.

Palinso china chimene ndidachiona patsinde pa msolo paja. Nsembe yathu ndi chakudya: ufa, mowa, nthawi zina nkhuku kapena mbuzi. Amene ukuwapatsa si milungu yachilendo yokhala pa mpando wagolide. Ndi amayi ako, atsibweni ako, agogo ako, anthu amene adadyera m'mbale yadothi ndi kumwera m'chikho moyo wawo wonse. Ufa ndi wa amayi, mowa amafulula ndi amayi, mphika amaumba ndi amayi ndi dothi la kudambo la mudzi womwewo. Chitsulo ndi mkuwa zidali za amuna, za kutchire ndi za paulendo. Mwina kupatsa mzimu wa mayi wako phala m'chiwiya chochokera ku Katanga kukadakhala ngati kumulandira ngati mlendo pakhomo pake pomwe.

Maganizo amenewa amanditonthoza, ndipo nchifukwa chake ndimawakayikira. Nkosavuta kwa munthu wophunzira kusandutsa kusowa kukhala nzeru. Choona nchakuti phale silinena chaka, silinena dzina la woumba, ndipo likasweka kachiwiri limangokhala dothi. Keith Robinson ndi anzake a ku Dipatimenti yoona zinthu zakale, imene idakhazikitsidwa mu 1967, adayesetsa kuwerenga mapale athu nawagawa m'mitundu ya Nkope, Kapeni, Mawudzu ndi Nkhudzi, koma mtundu uliwonse umayala zaka mazana angapo, ndipo m'zaka zimenezo anthu adabadwa, adakangana, adalonga mafumu, ife osadziwa ngakhale dzina limodzi. Akoreanso adataya zambiri, tisaganize kuti mkuwa ndi wosafa. Amongolia adawathira nkhondo kuyambira 1231 natentha akachisi. Manda a ku Kaesong adafukulidwa ndi akuba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma la Japan, limene linkawalamulira kuyambira 1910 mpaka 1945, lidasonkhanitsa mabelu ndi mbale zamkuwa kukasungunula zida. Mkuwa uli ndi tsoka lakelake, loti umasungunukanso. Koma zina amonke adazikwirira pansi pothawa, ndipo zikutulukabe: mu 1993 anthu okumba m'mbali mwa mtsinje mumzinda wa Cheongju adapeza ziwiya za kachisi mazana angapo pamalo amodzi. Chokwiriridwa chawo chimadikira. Chathu chambiri chidadyedwa ndi chiswe.

Ndipo chimene chiswe chidasiya, tidamaliza ndife. Apa ndiyenera kunena za kwathu. Kumalire kwa munda wa atsibweni anga, pafupi ndi chulu chachikulu, padali ng'anjo. Ine ndidaiona ili chiimire, yofika m'phewa mwa munthu wamkulu, yong'ambika mbali imodzi, yofiira ngati njerwa, mkati mwake mutamera kamtengo. Ana tinkaopa kuyandikira chifukwa ankati muli mankhwala. Pozungulira pake padali milu ya miyala yakuda yolemera, yonyezimira ngati phula louma, ndi zidutswa za mipope yadothi. Idapulumuka m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti ankagwetsa nkhalango ndipo bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi kuotcha fodya m'mabalani, chifukwa mundawo udali wa mudzi ndipo agogo aamuna adaletsa kuikhudza. Koma m'zaka za m'ma 1990, alimi a m'midzi ataloledwa kulima fodya wa bale, dzanja lililonse la nthaka lidasanduka ndalama. Agogo aamuna adali atamwalira. Tsiku lina m'mwezi wa October atsibweni adabwera ndi aganyu awiri ndi mapiki, ndipo dzuwa lisadafike pamutu ng'anjo idali pansi. Miyala yakuda ija adaituta pa ngolo kukathira pakhomo la chigafa kuti pasamachite matope. Ine ndidathandiza kututa, ndipo adandipatsa ndalama ya sopo.

Nditakula ndidawafunsa. Sadakwiye, adangoti, "Mphwanga, ng'anjo ija inkadya mizere isanu ndi umodzi. Fizi yako ya Fomu 2 idachokera pamenepo. Ukadakonda chiyani?" Ndidasowa choyankha, ndipo mpaka lero ndilibe yankho loti ndingawauze maso ndi maso. Lamulo loteteza zinthu zakale lidalipo, koma palibe amene adabwera kudzatiuza kuti chimene chidali m'munda mwathu ndi chimodzi mwa zinthuzo. Ng'anjo zimene zasungika bwino m'boma lino zili m'nkhalango ya Kasungu National Park, ndipo zidasungika chifukwa anthu adasamutsidwamo m'zaka za m'ma 1920 pothawitsidwa matenda a kaodzera. Kumene eni ake adachotsedwa, ng'anjo zilipo, alendo amakazijambula. Kumene eni ake adatsala, kuli fodya.

Chigwinjiri chija chidapita m'njala ya 2002, imene idasautsa Kasungu kuposa maboma ambiri. M'mwezi wa February chaka chimenecho, anthu akudya zitsinde za nthochi ndi gaga, agogo adachivula koyamba m'moyo wanga. Chidakana kutuluka, mpaka adachita kupaka sopo. Mayi anga adapita nacho pa msika wa m'mbali mwa msewu wa M1 nabwerako ndi ndowa imodzi ya gaga. Wogulayo adachiika pa sikelo monga amachitira ndi waya wakale wa magetsi. Pamkono pa agogo padatsala mzere woyera umene sudathe mpaka tsiku limene tidawaika, chaka chotsatira. Tonse a pakhomopo tidaona chimanga chatsopano chaka chimenecho, ndipo palibe amene adatchulaponso za chigwinjiricho.

Sabata yatha ndidapita pakhomo la chigafa chakale chija, chimene tsopano chidagwa. Miyala yakuda ikadalipo, yolowa m'nthaka chifukwa cha kupondedwa ndi ng'ombe zapangolo. Nditafukula pang'ono ndi mpeni ndidapeza chidutswa cha mpope wadothi chotalika ngati chikhatho, nsonga yake imodzi itasungunuka nkuuma ngati galasi lobiriwira, pamene padakhudzana ndi moto. Ndidachitsuka pa mjigo, nkuchiika pa lichero, nkuchijambula. Chithunzicho ndidatumizira msuweni wanga ku Korea popanda mawu ena koma dzina la mudzi wathu ndi tsiku limene ndidachitola. Adayankha usiku, kwawoko kutacha kale, kufunsa ngati chimenecho ndi chitoliro cha fodya cha agogo aamuna.